Ajeremani M'munda mwa Apongozi Anga

Ine ndi Elwin Tietjen tinakwatirana Lachisanu lina mu Malichi 1943, ndipo Lachitatu lotsatira ndinali pasiteshoni ndikumukupizira mpango, sitima ikupita naye ku usilikali. Utsi utazimiririka ndinatembenuka n'kupeza apongozi anga aamuna, a Reinhold, akundiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Maso awo anakaima pa nsapato zanga zagogoda.

"Ndiye ndi zimenezi mukalowa nazo m'khola la ng'ombe?" anafunsa.

"Ndili ndi zina, bambo."

"Zazitali kuposa izi?"

Apongozi aakazi, a Alvina, anawagunda ndi chigongono. "Musiyeni mwana wa eni, Reinhold. Simukuona kuti akulira?"

"Ndikuona. Akalirire m'galimoto, ng'ombe zikudikira."

Ndinakulira mumzinda wa Omaha, komwe ndinkagwira ntchito yolumikiza matelefoni, ndipo mkaka ndinkaudziwira m'botolo. Elwin anali mwana yekhayo m'banja mwawo, ndiye tinagwirizana kuti ndikakhale pafamu ndi makolo ake mpaka nkhondo itatha. Miyezi yoyamba ndinachita manyazi amtundu uliwonse. Ng'ombe ina inandigudubuzira chidebe katatu sabata imodzi. Tambala anandithamangitsa mpaka ndinakwera pangolo ndikukuwa. A Reinhold ankanditchula kuti "adona a ku Omaha", ndipo ulemu wawo unali wozizira uja wokukumbutsa kuti ndiwe mlendo.

Zinayamba kusintha tsiku limene msana unawagwira ndipo ndinakwera thirakitala m'malo mwawo. Madzulo anapita kukayendera mizere yanga atagwira m'chiuno. Anaima nthawi yaitali.

"Yawongoka," anatero monyinyirika.

"Kuposa yanu, bambo. Yanu imakhota ngati njoka yothawa moto."

Anandiyang'ana, ndevu zikunjenjemera, kenako anatembenukira kumbali kuti ndisaone kuti akuseka.

Makalata a Elwin ankabwera atabooledwabooledwa ndi lumo la akuluakulu a usilikali, moti sitinkadziwa komwe ali. A Alvina anapachika pawindo kansalu ka nyenyezi yabuluu, kosonyeza kuti m'nyumba muno mwachoka msilikali. A Reinhold ankati makalata ndi za azimayi. Koma tsiku lililonse, nthawi yodutsa wamtengatenga wa makalata ikakwana, ankati akupita kukaona mpanda wa kumsewu. Mpanda umenewo unali wolimba kuposa mipanda yonse ya m'chigawo chathu cha Nebraska.

Mu Okutobala 1944 chimanga chinauma m'munda koma wokolola panalibe. Anyamata onse anali kunkhondo, otsala anathamangira ku mafakitale a ndege. Pafupi ndi tauni yathu boma linali litamanga msasa wa asilikali a ku Jeremani ogwidwa kunkhondo, ndipo alimi ankaloledwa kukawatenga kuti azigwira ntchito masana. Anansi athu onse anatenga. A Reinhold anakanitsitsa.

Chifukwa chake anandiuza ndi a Alvina tikusenda mbatatesi. A Reinhold anabadwira ku Jeremani, anabwera kuno ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Pa nkhondo yoyamba yomenyana ndi Jeremani ija anthu ena a m'tauni anapaka nkhokwe yawo penti yachikasu, n'kuwagwaditsa pamsewu kuti apsompsone mbendera. Kuyambira tsiku limenelo Chijeremani sichinatulukenso pakamwa pawo, ngakhale popemphera.

"Ndiye chimanga chiwolere m'chipale chofewa chifukwa cha mtima wanu?" a Alvina anawafunsa pa chakudya chamadzulo.

"Ndikolola ndekha."

"Maekala makumi asanu ndi atatu, ndi msana umenewo? Ardith, mawa utenge lole ukawatenge anthuwo."

Ndinabwera nawo anayi, malaya awo atalembedwa zilembo ziwiri zikuluzikulu kumsana zosonyeza kuti ndi akaidi, pamodzi ndi mlonda wawo, msilikali wonenepa wa bondo lolemala, dzina lake Dewey. Dewey anatiwerengera malamulo: osacheza nawo, osawapatsa chakudya, osawalowetsa m'nyumba. Atamaliza anatsamiritsa mfuti pangolo n'kugona paudzu, chipewa kumaso.

Atatu anali anyamata amanyazi. Wachinayi anali bambo wa imvi, wamfupi, wa manja aakulu, dzina lake Ewald, amene kwawo anali wosoka nsapato. Masana a Alvina anapita kumunda ndi mtsuko wa madzi, n'kuona kamba amene anabwera naye: timagawo tiwiri ta buledi ndi kanyama kopyapyala ngati pepala.

"Galu wanga amadya bwino kuposa apa," anatero.

Mawa lake anayala tebulo pakhonde: nkhuku zitatu zokazinga, mbatatesi, kabichi, ndi chitumbuwa cha maapozi chimene chinamaliza shuga wathu wa sabata yonse. Dewey anabwera akutsimphina.

"Mayi, lamulo likuti asalowe m'nyumba."

"Khonde ndi nyumba?"

"Komanso likuti musawapatse chakudya."

"Ukufuna ntchafu kapena chidali?"

Dewey anayang'ana kumsewu, anayang'ana nkhuku. "Ntchafu, mayi."

A Reinhold okha ndi amene sanakhale nawo patebulo. Kumunda ankawalamula ndi zala, kapena ankauza ine m'Chingerezi kuti ndiwauze, ngati kuti ine ndinkadziwa liwu ngakhale limodzi la Chijeremani. Zinapita choncho masabata awiri. Tsiku lina m'mawa mahatchi anadzidzimuka ndi kalulu wotuluka m'mapesi, ngolo yodzaza chimanga n'kuyamba kubwerera m'mbuyo pomwe Ewald anali atawerama kutola chimanga chogwa. Ndinamva apongozi akukuwa mawu amene sindinawamvepo. Ewald anadumphira kumbali, gudumu n'kudutsa pomwe panali mutu wake.

A Reinhold anagwira pakamwa ngati atukwana m'tchalitchi. Ewald anadzuka, anasasa fumbi, kenako anayamba kuseka, n'kunena zinazake akuwaloza.

"Akuti chiyani, bambo?"

"Akuti katchulidwe kanga ndi ka kufupi ndi mzinda wa Bremen. Akuti kwawo ndi kwathu ndi ulendo wa tsiku limodzi wapansi."

"Ndi zoona?"

"Akunama. Ndi theka la tsiku."

Kuyambira pamenepo pakamwa panatseguka osatsekekanso. Ankakangana kuyambira m'mawa mpaka madzulo: za kafukizidwe ka soseji, za mudzi womwe unali ndi mahatchi abwino, za mtsinje wina umene wina ankati ndi waukulu, wina akuti ndi ngalande chabe. A Alvina ankaima pawindo la kukhitchini kumvetsera, manja ali mu ufa.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi," anandiuza. "Ndinaiwala kuti m'chinenero chimenechi bambo ako ndi olongolola."

Telegalamu inabwera mu Disembala, Lachiwiri masana, tikutsuka mbale. Mkulu wa pasiteshoni anaimitsa galimoto pachipata koma sanatsike msanga, ndipo ine ndinadziwa. Inali ndi dzina langa. Inati Elwin wasowa kunkhondo m'dziko la Jeremani kuyambira pa 18 Novembala, ndipo akuluakulu a usilikali akadziwa zambiri atiuza. Ndinawerenga mokweza kamodzi. A Alvina anakhala pansi penipeni, pasimenti. A Reinhold anatenga pepalalo, analiwerenga okha milomo ikuyenda, analipinda bwinobwino n'kundibwezera.

Akaidi anali akadali pakhonde akumwa khofi, ndipo anaona zonse pawindo. Ewald anavula chipewa. Anyamata aja anaika makapu pansi n'kubwerera kumunda osauzidwa.

M'mawa mwake a Alvina sanasonkhe moto. Anakhala pampando atavala chijuzi cha Elwin.

"Mjeremani asadyerenso m'mbale yanga," anatero. "Ndinkawakazingira nkhuku abale awo akuwombera mwana wanga. Nkhuku, Reinhold!"

Inenso ndinati lole sindiyendetsa. Ndinkaopa kuti ndikawaona nkhope ndiwalavulira.

A Reinhold anavala chipewa. "Kwatsala maekala khumi ndi awiri, ndipo chipale chofewa chili m'njira. Ine msewu wa kumsasa sindiuona bwino ndi maso angawa. Ndiperekezeni."

Ndinayendetsa nditakukuta mano. Tili pakati panjira anandiuza kuti ndiime. Ndinkayesa akufuna kutsika, koma anangokhala akuyang'ana minda yoyera ndi chisanu.

"Mwana wanga," anatero. Aka kanali koyamba kunditchula choncho. "Ine kupemphera ngati mayi ako sinditha. Ndikatseka maso ndikungoona Elwin ali paliponse pomwe ali, ali ndi njala. Sindingamufikire. Amene ndingawafikire ndi anayi awa basi. Usandifunse ngati ndi nzeru, sindikudziwa."

Ndinagwetsa mutu pachiwongolero n'kulira kulira kumene kunandikanika dzulo lake. Anaika dzanja lawo lokhakhala pakhosi panga n'kulisiya pomwepo mpaka ndinatonthola.

"Basi, yendetsa," anatero. "Mafuta ndi a makuponi awa, tisawawotche titaima."

Tsiku limenelo a Reinhold anaphika okha. Munthu amene sanagwirepo chiwaya chibadwire anaswa mazira khumi ndi awiri, zikamba zina n'kugweramo, n'kuwapsereza mpaka utsi unadzaza nyumba. Akaidi anadya onse osatsala, maso ali pansi. Dewey yekha ndiye anati m'mimba simuli bwino. Mawa lake anapsereza mbatatesi, kunja zakuda m'kati zaziwisi. Tsiku lachitatu anatenga chiwaya chachitsulo cha a Alvina, chimene anasiyiridwa ndi amayi awo, n'kuyamba kuchikwecha ndi mchenga. Phokosolo linawadzutsa a Alvina kuchipinda.

"Mukutani ndi chiwaya changa?"

"Ndikutsuka."

"Ndi mchenga? Zaka makumi anayi ndikuchisamala! Tulukani! Tulukani m'khitchini mwanga musanandiphere anthu pakhonde, boma lidzatimanga!"

Anamanga epuloni misozi ikutsika, n'kuyamba kusenda anyezi mwaukali. Pakhonde sanatulukeko, mbale ndinkapititsa ndine. Koma chakudya chinabwerera.

Tsiku lomaliza kukolola, Ewald anandipeza m'nkhokwe. Anali atanyamula nsapato za Elwin zakumunda, zimene zinkalendewera pamsomali chichokereni mwini wake, zong'ambika kumphuno, zidendene zitadyeka. Sindinadziwe kuti anazitenga liti. Anali ataziikira pansi patsopano kuchokera ku lamba wakale wa makina opunthira, n'kuzisoka mokongola ndi ulusi wopaka phula. Anandipatsa n'kunena mawu ochepa. Ndinaitana apongozi kuti anditanthauzire.

A Reinhold anakhosomola kawiri asanayankhe. "Akuti akabwera adzazifuna. Akuti iye sasokera akufa nsapato."

Nyengo yozizira ija inali yaitali. Tinkamvera wailesi madzulo aliwonse osayankhulana, a Reinhold akusuntha chala pamapu amene anakhoma pakhoma. Azimayi a kutchalitchi ankabwera ndi makeke ndi nkhope zamaliro, a Alvina n'kumawauza kuti m'nyumba muno simunafe munthu.

Mu Malichi a Reinhold anapita kukaona mpanda wawo uja, ndipo ndinawaona akubwerera akuthamanga, munthu wa msana wowawa, chipewa chitagwera m'matope. Anali ndi kakhadi kotuwa. Zolemba zinali za Elwin, zopendekera kumanzere ngati kale. Anali moyo, anali mkaidi ku Jeremani. Analemba mizere inayi yokha: ali bwino, tisade nkhawa, titumize chakudya chilichonse ndi masokosi, ndipo Ardith asagulitse galu.

"Galu!" a Alvina anakuwa akuseka ndi kulira pamodzi. "Mayi wake sanamutchule, watchula galu!"

A Reinhold anatuluka kupita kukhola, ndipo patapita nthawi ndinawamva akuuza ng'ombe nkhaniyo, imodziimodzi, aliyonse ndi dzina lake.

Elwin anafika mu Juni, nkhondo ya ku Ulaya itatha. Pasiteshoni ndinamudutsa. Ndinkafunafuna mnyamata wa masaya amene ndinakwatiwa naye, pomwe amene anandigwira mkono anali munthu wa khosi lowonda ngati la nkhuku yothothoka nthenga, malaya akumulendewera.

"Adona, mukufuna wina?" anatero, ndipo mawu okha ndi amene ndinawazindikira.

Panali chinthu chimodzi chimene tonse atatu tinaopa kumulembera, ndipo tinaopanso kumuuza m'galimoto. Akaidi anali asanabwezedwe kwawo, ndipo sabata imeneyo anali kwathu akudula udzu wa ng'ombe. M'mawa mwake Elwin anaima pawindo atagwira kapu, n'kuona amuna anayi akutsika m'lole, akuyankhula chinenero chimene anakhala akuchimva kuseri kwa waya miyezi isanu ndi umodzi. Anaona bambo ake akuseka ndi mmodzi wa iwo. Anaona mayi ake akuyala nsalu patebulo la pakhonde.

"Amadya pano?" anafunsa.

"Elwin, chimanga chikanawola. Tinalibe..."

"Ndafunsa ngati amadya pano."

"Eya."

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono n'kulowa kuchipinda. Masiku awiri anadyera komweko. A Reinhold anagogoda, anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Ndikauza a kumsasa kuti asabwerenso. Nyumba ino ndi yako."

"Nanga udzu adula ndani? Inu ndi msana wanuwo?" Elwin anayang'ana kukhoma. "Asiyeni amalize."

Tsiku lachitatu masana anatuluka yekha, atavala nsapato zakumunda zija, n'kukhala kumapeto kwa tebulo. Mafoloko onse anaima. A Alvina anamuikira chakudya. Anadya mofulumira, mkono umodzi atatchingira mbale, ndipo atamaliza anasesa nyenyeswa za buledi patebulo n'kuziwolera m'dzanja, n'kuponya m'kamwa. Ewald anaona. Anakankhira buledi wake kwa Elwin.

Elwin anamubwezera mwamphamvu moti buledi anagubudukira pansi. Kenako anayankhula Chijeremani chothyokathyoka chimene anatola kundende, akuwerenga ndi zala. Pambuyo pake anandiuza zimene ananena: kuti kwanu buledi mmodzi ngati uyu tinkagawana anthu asanu ndi awiri, tsiku lonse, ndipo mnzanga amene ndinkafunda naye bulangete sanafike mwezi wa Febuluwale.

Ewald sanadziikire kumbuyo. Anatola buledi uja pansi, anamupukuta, n'kumuika pakati pa tebulo. Anayankha ndi mawu otsika, ndipo a Reinhold anatanthauzira osafunsidwa.

"Akuti akudziwa. Akuti nthawi iliyonse akadya pano chakudya chimamutsamwa. Mkazi wake ndi ana awiri aakazi anali ku Bremen mabomba akugwa, ndipo chaka chatha osamva kalikonse."

Elwin anadzuka, anatenga foloko yaudzu n'kulowera kumunda.

Sindinganame kuti anakhala mabwenzi. Sanakhale. Koma madzulo amenewo ndinawaona pangolo imodzi, Ewald akuponya udzu kuchokera pansi, Elwin akulandira pamwamba n'kumasanja, osayankhulana. Elwin akatopa, poti mphamvu zinali zisanabwerere, Ewald ankapeza chifukwa chowerama kumanga chingwe cha nsapato yake, ndipo ankachimanga nthawi yaitali kuposa mmene wosoka nsapato angafunire.

Akaidi anachoka mu Januwale 1946. A Alvina anawalongedzera soseji ndi masokosi oluka okha. A Reinhold ndi Ewald anakangana komaliza za mtsinje uja, kenako anagwirana manja osafuna kusiyana, mpaka Dewey analiza hutala. Elwin sanatuluke kudzatsanzika. Koma nditatsegula lole ndinapeza pampando phukusi lomanga ndi chingwe, lolembedwa dzina la Ewald ndi zilembo zopendekera kumanzere. Munali chikopa chofufuta, singano zazikulu, ulusi ndi mpeni watsopano. Chaka chotsatira kunabwera kalata ya Ewald yochokera ku Jeremani: mkazi wake ndi mwana mmodzi anawapeza amoyo kumudzi kwa achibale, ndipo wayambanso kusoka pansi pa masitepe a nyumba yogumuka.

Elwin anachira pang'onopang'ono. Thupi linabwerera msanga, koma kwa nthawi yaitali ndikamachapa ndinkapeza zidutswa za buledi m'matumba mwake, m'thalauza, m'malaya, ngakhale m'jekete la kutchalitchi. Sindinamufunsepo. Ndinkangochotsa chouma n'kuikamo chatsopano zovala zikauma, ndipo iye ankadziwa kuti ndikutero.

Lolemba lina, ndili ndi pakati pa mwana wathu woyamba, ndinapisa m'matumba onse a zovala za sabata imeneyo osapezamo kanthu, kupatula misomali iwiri ndi kachingwe. Ndinapisanso kachiwiri. Kenako ndinapita kukhitchini nditanyamula thalauza, matumba ali panja, n'kuwaonetsa a Alvina. Anayang'ana, anakhala pampando, n'kuphimba nkhope ndi epuloni.

A Reinhold analowa ndi chidebe cha mkaka n'kutipeza tonse awiri tikulirira thalauza.

"Nanga pano kwagwanji?"

"Palibe, bambo," ndinatero. "Nkhani yabwino."

Anayang'ana thalauza, anayang'ana ife, n'kupukusa mutu. "Mukamaliza, wina andiuze ngati lero kuli chakudya m'nyumba muno."